Kodi okamba nkhani pa msonkhano wa opanga mawebusaiti timawaitana bwanji?

Funso: Ndife kagulu ka anthu opanga mawebusaiti, ena amakonza maonekedwe, ena amalemba khodi. Takhala tikukumana mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano tikufuna kuchititsa msonkhano wa tsiku lathunthu. Tonse ndife ongodzipereka ndipo ndalama tili nazo zochepa. Ndalembera anthu angapo otchuka kuti adzakambe nkhani, koma onse angoti zii. Kodi okamba nkhani timawapeza bwanji, nanga powaitana timawauza zotani?

Yankho: Achimwene, kusayankha kwa anthu mwawalemberawo kusakugwetseni mphwayi. Kawirikawiri munthu amakhala chete chifukwa kalata yamusiyira mafunso ambiri. Akawerenga mawu akuti "tili ndi msonkhano, kodi mungabwere kudzatilankhula?", ayenera kuyamba yekha kufunsa za tsiku, malo, anthu odzamvera, mutu wa nkhani, komanso amene adzalipire ulendo. Imelo yotere amaiika pambali kuti adzaiyankha akapeza mpata, ndipo mpatawo supezeka. Ntchito yanu yaikulu ndi kuyankhiratu mafunso amenewa kalata isanachoke m'manja mwanu.

Musanatchule dzina la munthu aliyense, khalani pansi ngati komiti mugwirizane kuti mu holo mudzakhala ndani. Ophunzira amene angoyamba kumene HTML ndi CSS, zilankhulo zolembera masamba a webusaiti ndi maonekedwe ake, amafuna nkhani zosiyana ndi za anthu amene akhala zaka akupangira makasitomala mawebusaiti, amene mutu umawawawa ndi zolemba mgwirizano kapena kusamutsa webusaiti yakale popanda kutaya zimene zilimo. Lembani mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi amene anthu anu amabwera nawo mobwerezabwereza mukakumana. Mwina wina amafunsa kuti tsamba lingatseguke bwanji msanga pa foni yakale pamene netiweki ikuvuta. Wina amafuna kudziwa mmene munthu wosaona, amene pulogalamu imamuwerengera mawu a pa sikirini, angadzazire fomu yake. Wina webusaiti yake ya WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, inalowereredwa ndi akuba a pa intaneti ndipo sanadziwe poyambira. Funso lililonse lotere limakulozerani munthu amene analimbanapo nalo, ndipo nthawi zambiri munthuyo mumakhala naye kale pa mikumano yanu. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Misonkhano ya WordCamp, ya anthu ogwiritsa ntchito WordPress, imene inayambira ku San Francisco mu 2006 ndipo lero imachitika m'mizinda yambiri padziko lonse, imalimbikitsa okonza kuti okamba ambiri akhale a m'dera lomwelo. Ine ndimagwirizana nazo kwambiri zimenezi. Mlendo wotchuka amakamba nkhani yake n'kukwera ndege, pamene mnzanu wapafupi anthu adzamupezanso mwezi wamawa n'kumufunsa pamene anakakamira.

Njira zopezera okamba zilipo ziwiri, ndipo muyende zonse. Yoyamba ndi kuitana munthu mwachindunji. Yachiwiri ndi kulengeza poyera kuti aliyense amene ali ndi mutu autumize, zimene anthu a misonkhano amazitchula kuti CFP. Pa tsiku limodzi, mu holo imodzi, mukachotsa nthawi yopuma ndi ya nkhomaliro, mungakwanitse nkhani zapakati pa zisanu ndi zitatu ndi khumi za theka la ola. Itanani mwachindunji awiri kapena atatu, makamaka wotsegulira tsikulo ndi wa mutu umene mukudziwa kuti palibe angautumize yekha. Malo otsalawo atsegulireni anthu.

Kalata yoitanira ikhale yaifupi koma yokwana. Ikhoza kumveka chonchi:

"Moni a Uje. Ndine mmodzi mwa okonza msonkhano wa opanga mawebusaiti umene udzachitike Loweruka, pa tsiku lakutilakuti, kumalo akutiakuti. Tikuyembekezera anthu pafupifupi 120, ambiri ndi ogwira ntchito paokha komanso ophunzira. Ndinawerenga zimene munalemba za mmene munapepukitsira zithunzi pa webusaiti ina mpaka masamba ake anayamba kutseguka msanga pa foni. Limeneli ndi vuto limene anthu athu amalimbana nalo tsiku ndi tsiku. Kodi mungadzatifotokozere ntchito imeneyi kwa mphindi 25, kenako mphindi 5 za mafunso? Ndife ongodzipereka, kotero sitingathe kukulipirani, koma tidzalipira ulendo wanu ndi malo ogona usiku umodzi, ndipo mudzalowa ulere. Tikufuna kudzajambula vidiyo ngati mungalole. Tingathokoze mutatiyankha pofika tsiku lakutilakuti. Ngati simungathe, musaope kutiuza, ndipo ngati mukudziwa wina woyenera mutu umenewu, titchulireni."

Mtima wa kalatayi uli pa chiganizo chonena zimene munawerenga. Ndi pamenepo pamene munthu amadziwira kuti kalatayo yalembedwera iyeyo, kuti sinatumizidwe kwa anthu makumi awiri n'kungosintha dzina pamwamba. Ngati simungathe kulemba chiganizo chimenechi moona, ndiye kuti simunadziwe chifukwa chimene mukumuitanira, ndipo ndi bwino kuyamba mwawerenga kapena kuonera ntchito yake. Taonaninso kuti mwamupatsa mutu woyambira. Mawu akuti "mudzakambe chilichonse chimene mungakonde" amaoneka aulemu, koma amamusenzetsa munthu ntchito yoganizira anthu amene sakuwadziwa. Mupatseni mutu, n'kumusiyira ufulu wousintha.

Za ndalama zinenedwe m'kalata yoyamba yomweyo. Pamenepa ndi pamene okonza ambiri amachita manyazi, n'kumadikira kuti munthu avomere kaye. Zotsatira zake zimakhala zowawa kwa onse awiri: iye wavomera akuganiza kuti tikiti ya ulendo mumugulira, inu mwalengeza kale dzina lake, kenako mukuyamba kukambirana movutikira. Kusalipira okamba si chinthu chachilendo pa misonkhano ya anthu ongodzipereka. Ku WordCamp okamba nawonso ndi ongodzipereka ndipo salandira malipiro. Chimene chimakhumudwitsa anthu ndi kubisa, komanso kuwauza kuti malipiro awo ndi kutchuka. Nkhani ya mphindi 25 imadya masiku angapo a munthu, madzulo ataweruka kuntchito, ndipo amayenera kuuzidwa chilungamo kuti asankhe yekha. Pali zinthu ziwiri zimene sindikanalola kuti zisinthe ngakhale thumba litaperewera bwanji. Wokamba nkhani asagule tikiti yolowera. Ndipo zimene mwalonjeza mmodzi zifanane ndi za anzake a mkhalidwe womwewo, chifukwa okamba amacheza, ndipo zimadziwika kuti wina anagona ku hotelo pamene wina anadzilipirira zonse. Ngati mungathe, gulani nokha tikiti ya ulendo m'malo momuuza kuti agule mudzamubwezera. Si onse amene ali ndi ndalama zoti akongoze msonkhano kwa mwezi wathunthu, ndipo amene alibe sanena, amangokana.

Yambani kuitana kutatsala miyezi itatu kapena inayi. Ngati munthu akuchokera dziko lina ndipo afunika viza, onjezerani miyezi ina iwiri ndipo mukonzekere kumulembera kalata yotsimikizira kuti mwamuitana. Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako pitani kwa wina popanda kusunga mangawa.

Tsopano za chilengezo cha poyera. Fomu ikhale yaifupi: mutu, ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza nkhaniyo, chimene womvera adzapite nacho kunyumba, komanso ngati nkhaniyo ndi ya ongoyamba kumene kapena ya ozama. Mbiri ya munthu muifunse padera. Pali mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi monga Sessionize, PaperCall ndi pretalx, ndipo pretalx mungathe kuiika pa seva yanu, koma pa msonkhano woyamba Google Forms ndi yokwanira. Pa tsamba la chilengezocho lembani zonse zimene zili m'kalata ija, kuwonjezera tsiku lotsekera, mmene mudzasankhire, ndi tsiku limene anthu adzamve zotsatira. Chisiyeni chotsegula kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Musadabwe masabata oyamba akamadutsa fomu ili mbee, ambiri amatumiza masiku omaliza.

Koma pali chinthu chimene ndikufuna muchimvetsetse, chifukwa ndi chimene chimasiyanitsa msonkhano wamoyo ndi wongobwereza. Mukangoika chilengezo pa intaneti n'kudikira, adzatumiza ndi anthu amene anazolowera kale kuima pansanja. Amene ali ndi nkhani zatsopano kwambiri nthawi zambiri ndi aja amakhala kumbuyo pa mikumano yanu, amene mukawafunsa amati, "ine ndilibe chokamba, zimene ndimachita aliyense amazidziwa." Mtsikana amene anakonza fomu yolembetsera mpaka anthu anasiya kuithawa pakati, kapena mnyamata amene anakhala usiku wonse akubwezeretsa database (nkhokwe yosungira zimene zili pa webusaiti) imene inafufutika, amaona ngati zimenezo ndi ntchito wamba. Anthu otere chilengezo sichiwasuntha. Amafunika munthu wowapeza maso ndi maso n'kunena kuti, "zija munatiuza tsiku lija, ndikufuna anthu ena azimve, tiyeni tilembe limodzi ndime yofotokoza." Gawanani maina mu komiti, aliyense atenge anthu atatu kapena anayi oti awalimbikitse. Muwauze momveka kuti mukuwapempha kutumiza mutu ndipo kusankha kudzachitika pambuyo, kuti asadzakhumudwe poganiza kuti munawalonjeza malo.

Okonza JSConf EU ku Berlin, msonkhano wa olemba khodi m'chilankhulo cha JavaScript, anachita zimenezi mu 2012. Anapita kukalimbikitsa anthu, makamaka amayi, kuti atumize mitu, kenako anasankha nkhani atabisa maina a otumiza. Chaka chimenecho kotala la okamba anali amayi, pa nthawi imene misonkhano yambiri ya JavaScript inkadzaza ndi abambo okhaokha. Mbali ziwirizi zimadalirana. Kubisa maina kumathandiza kuti komiti iweruze nkhani m'malo moweruza kutchuka kapena chinansi, koma sikungatulutse munthu amene sanatumize n'komwe. Mukafuna kuyesa njirayi, munthu mmodzi amene sadzasankha nawo achotse maina, makampani ndi malinki onse, ndipo aliyense wa komiti apereke mamalikisi payekha musanakambirane, kuti mawu a wamkulu wa komiti asakoke ena onse. M'gawo lachiwiri vundukulani maina muone ngati tsiku lonse likuyenda bwino: kodi simunasankhe nkhani zitatu za React, chida cha olemba khodi, n'kuiwala okonza maonekedwe, kodi kampani imodzi sinatenge theka la nsanja, kodi alipo okamba koyamba, amene sanaimepo pansanja? Ndipo mukaitana mayi, muitanireni ukatswiri wake. Amayi ambiri a m'ntchitoyi anatopa ndi kuitanidwa kuti adzangofotokoza mmene zimakhalira kukhala mayi pakati pa abambo, pamene iwo ali ndi zambiri zonena za CSS Grid, njira yoyalira zinthu pa tsamba, kapena chitetezo cha seva.

Wokamba koyamba musamusiye yekha akavomera. Mupezereni wina wozolowera woti amumvere akuyeserera kamodzi kapena kawiri, ngakhale pa vidiyo. Poyeserera ndi pamene zimaonekera kuti masilaidi ndi ochuluka kuposa nthawi, kapena kuti mfundo yeniyeni yabisala kumapeto. Amene theka la ola likumuopsa mupatseni nkhani yaifupi ya mphindi 5, imene amaitchula kuti lightning talk. Ena amatsatira kachitidwe ka PechaKucha, kamene kanayambira ku Tokyo mu 2003: masilaidi 20, iliyonse masekondi 20, zonse pamodzi mphindi 6 ndi masekondi 40. Ku Ignite, misonkhano ina ya nkhani zazifupi, masilaidi ndi 20 omwewo koma amasintha okha pa masekondi 15 aliwonse. Malire otere amamumasula munthu, chifukwa amadziwa kuti zitha msanga. Mungathenso kusiya ola limodzi masana lopanda okamba oikiratu, monga ankachitira ku misonkhano ya BarCamp, imene inayambira ku Palo Alto ku America mu 2005, kumene anthu amalemba okha mitu pa bolodi m'mawa wa tsikulo. Ambiri amene adzakambe nkhani zazitali chaka chamawa mudzawaonera pamenepo.

Makampani othandiza ndi ndalama adzapempha malo pansanja, ndipo ena adzapempha mwamphamvu. Gwirizanani mu komiti pasadakhale. Ine ndimalangiza kuti wantchito wa kampani yothandiza adutse njira yomweyo imene ena onse akudutsa. Ngati mwasankha kuwapatsa mphindi zochepa, zilembedwe poyera pa ndondomeko kuti ino ndi nthawi ya wothandiza. Anthu amazindikira msanga pamene nkhani yasanduka malonda, ndipo amaimba mlandu inu okonza. Lamulo lomweli linenedwe kwa okamba onse: akhoza kutchula kumene amagwira ntchito, koma womvera apindule ngakhale asagule kalikonse.

Malamulo a kakhalidwe akhale okonzeka musanaitane munthu. Okamba ambiri masiku ano amafunsa za malamulowa asanavomere, ndipo amafuna kudziwa dzina la munthu amene angamudandaulire wina akawachita chipongwe. Malamulowo amakhudzanso zimene zili pa masilaidi, choncho atumizeni pamodzi ndi kalata yotsimikizira.

Mukasankha, yambani mwauza amene apambana ndipo mudikire kuti atsimikize. Kenako uzani amene sanasankhidwe, ndondomeko isanatuluke poyera. Ndi zopweteka kumva kuti sunatengedwe poona maina a anzako pa Facebook. Kalata yokana ikhale yaifupi ndi yaulemu, ndipo kwa okamba koyamba onjezerani chiganizo chimodzi chonena chimene chikanalimbitsa mutu wawo, n'kuwaitana kuti adzaukambe pa mkumano wa mwezi. Sungani anthu awiri apambali amene avomera kukonzekera, chifukwa matenda, maliro ndi ntchito zadzidzidzi sizisankha tsiku, ndipo ndi zachilendo kuti onse amene anavomera afike.

Kuchokera pamenepo wokamba aliyense akhale ndi munthu mmodzi wolankhula naye, wokhala ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Kutatsala masabata awiri, tumizani uthenga umodzi wokhala ndi zonse: ola lofika, ola lokwera pansanja, kukula kwa masilaidi monga 16:9, mtundu wa chingwe cha pulojekita, ndi mmene intaneti ya pamalopo ilili. Mufunseninso mmene dzina lake limatchulidwira ndi zimene angafune kuti akambe momasuka, kaya ndi mpando, njira yopanda masitepe yokwerera pansanja, kapena maikolofoni yosagwira m'manja. Ngati padzakhala womasulira m'chinenero chamanja, amafunika kuona masilaidi pasadakhale kuti akonzekere mawu aukatswiri.

Zimene zimaononga nthawi pa tsikulo ndi tinthu tating'ono. Wokamba wafika pansanja, watsegula laputopu yake, ndipo ili ndi mabowo a USB-C okha pamene chingwe cha pulojekita ndi cha HDMI. Holo yonse ikuyang'ana, wina akuthamanga kufunsa mzere ndi mzere ngati alipo ali ndi adaputa, ndipo mphindi 10 zapita. Adaputa yapezeka, koma akatsegula khodi zilembo ndi zazing'ono moti a kumbuyo akungoona mizere yotuwa. Zonsezi zimatha ngati wokamba aliyense alumikiza laputopu yake m'mawa kapena pa nthawi yopuma, wina ataima kumbuyo kwenikweni kwa holo n'kunena ngati akutha kuwerenga. Khalani ndi maadaputa anu, laputopu yapadera, ndi masilaidi a aliyense mu PDF. Amene akufuna kuonetsa pulogalamu ikugwira ntchito pompopompo mupempheni ajambuliretu vidiyo yake, chifukwa Wi-Fi imene inkathamanga holo ili yopanda anthu imafooka mafoni onse akalumikizidwa. Pamzere wakutsogolo pakhale munthu wonyamula mapepala olembedwa 10, 5 ndi 1, ndipo woyendetsa mwambo akhale wolimba mtima kuimitsa ngakhale mlendo wolemekezeka. Wokamba mmodzi akadya mphindi 15 za ena, amene amavutika ndi wa kumapeto, amene nthawi zambiri amakhala uja amene sanaimepo pansanja.

Pa nthawi ya mafunso woyendetsa mwambo akhale ndi funso lake limodzi lokonzeratu, kuti holo ikati zii wokamba asaime yekha. Atetezenso wokamba kwa munthu amene amatenga maikolofoni n'kuyamba kukamba nkhani yakeyake. Ena sakonda mafunso a pagulu ndipo amasankha kucheza ndi anthu pambali akatsika, choncho afunseni pasadakhale.

Msonkhano ukatha, bwezani ndalama zonse za ulendo mkati mwa sabata imodzi, musadikire kuti munthu achite kukumbutsa. Vidiyo musaiike pa YouTube popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ngati mukufuna kuti ena aigwiritse ntchito momasuka, gwirizanani za laisensi monga CC BY ya Creative Commons, imene imalola ena kuigwiritsa ntchito bola atchule mwini wake, asanakwere pansanja. Ena kuntchito kwawo saloledwa kuonetsa poyera zina zimene anakamba, ndipo angapemphe kuti mudule kagawo. Ndemanga za omvera muziwerenge kaye inuyo, muchotse zachipongwe, n'kutumiza zothandiza pamodzi ndi zithunzi zake ndi mawu othokoza otchula chinthu chenicheni chimene anthu anatolapo. M'kalata yomweyo mufunseni kuti ndi ndani amene akuganiza kuti mudzamuitane chaka chamawa, ndipo dzinalo mulilembe pamalo amene komiti yotsatira idzalipeze.